Masiku 28 a pa Famu ya a Henry

Whitmore Reans,
Wolverhampton.
14 Okutobala 2007.

Okondedwa achimwene a Rapson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi ana onse ku Ntcheuko. Mwendo wa amayi uli bwanji? Kuno a Mildred ali bwino, kungoti mashifiti a kuchipatala akuwatopetsa. Zoe akukula, ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira a Chrissy a kutchalitchi kwathu amene akukwera ndege Lachiwiri.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pa famu ya a Henry, kunja kwa tauni. Pafamupo pali bwalo la tindege tokwera anthu awiri. Si la phula ngati la ku Chileka, ndi munda wa udzu basi. Ine ndimatchetcha udzuwo ndi thirakitala, kusalaza milu ya mfuko, ndi kulemba m'buku tsiku lililonse limene ndege yauluka.

Kuno ngakhale malo akhale ako, suchitapo zimene wafuna. Lamulo limati munda ukhoza kukhala bwalo la ndege masiku 28 okha pachaka. Kupitirira apo umapempha chilolezo ku khonsolo, ndipo oyandikana nawo amafunsidwa maganizo. A Henry sanapemphe, ankadziwa kuti akanizidwa.

Choncho anandiuza kuti buku likafika pa 28 ndizisiya kulemba. Ndinamvera. Koma mumandidziwa inu, chinthu chosalembedwa chimandisowetsa mtendere. Ndinagula kope langa n'kumalembamo zoona: tsiku, nthawi ndi mtundu wa ndege. Chaka chatha zinauluka masiku 71.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mayi Ann, amasiye, amaweta mahatchi. Kukagwa mvula ankandinyamula pagalimoto yawo mpaka pokwerera basi.

Mu Juni mnzawo wa a Henry anabwera ndi ndege motsika kwambiri pamwamba pa munda wa mayiwo. Hatchi imodzi inadzidzimuka, inathamangira pawaya n'kuthyoka mwendo. Dokotala wa ziweto anaiwombera ine ndikuona. Ndine ndinaifunditsa lona. Limenelo linali tsiku la 34 chaka chino, ndipo m'buku la a Henry mulibe.

Mayi Ann anakadandaula ku khonsolo. A Henry ananditengera kwa loya, akuti ndikangotsimikizira kuti bukulo ndimalemba ndine. Pepala lake linali la Chingerezi cholimba, cha ine wa Sitandade 7 sichifika pamenepo. Loyayo anafunsa ngati ndamva zonse, ndinati eya.

Achimwene, inunso ndisakunamizeni. Mawu ena sindinawamve, koma nambala 28 ndinaiona bwinobwino. Ndinadziwa chimene ndikulumbira. Ndinasaina.

Patapita sabata mayi Ann anaimitsa galimoto pamene ndinkadikira basi. Sanakalipe. Anati mwa anthu onse sankayembekezera kuti Levison, munthu woyeza udzu ndi rula, angalumbire bodza. Anati ndege iliyonse akhala akuijambula, ndipo zithunzizo zili ndi madeti. Anatseka windo n'kumapita. Mvula inkagwa.

Tsopano khonsolo yandilembera kuti ndikaonekere Lachinayi pa 8 Novembala, ndi chilichonse chimene ndinalemba. A Henry anamva za kope langa. Anati likangotuluka ndisadzapondenso pageti pawo. Kenako anaseka, nati ndikumbukire kuti dzina lili papepala la loya ndi langa, osati lawo.

Ndinafunsa a Sangwani, amene akuphunzira zamalamulo ku Birmingham. Anati kulumbira bodza ndi mlandu waukulu, ena amamangidwa nawo. Anatinso ukhoza kuwononga mapepala okhalira kuno amene tikufuna kupempha chaka chamawa. Zaka zinayi a Mildred akusamala odwala a eni ake kuti tifike pamenepa, ine ndawononga ndi cholembera chimodzi.

Kopelo ndikapita nalo. Ntchito yatha, zimenezo ndavomera. Mwina akaona kuti ndadziulula ndekha andimvera chisoni, mwinanso ayi.

Chondilemera n'chakuti a Mildred sakudziwa kanthu. Akuona kuti sindikudya, ndiponso ndimathamangira makalata asanawaone. Dzana anandifunsa ngati kuli mkazi wina, anati ngati alipo ndingonena, iwo si mwana. Ndinakana, koma zoonazo ndinalephera kuwauza. Ndayesa katatu.

Inu ndinu nkhoswe yanga. Munaima nafe tsiku la ukwati, ndipo mawu anu a Mildred amawalemekeza. Chonde, kalatayi ikangofika, aimbireni foni masana a Lamlungu, ndi pamene amakhala pakhomo. Auzeni zonse mmene ndalemberamu, musandikometsere. Ine ndidzakhala pomwepo. Ndikufuna amve kwa ife, asamve kwa a khonsolo kapena apolisi.

Akanena kuti ndibwerere kumudzi ndekha kuti iwo ndi mwana atsale bwino, musawaletse. Ndibwera.

Amayi musawauze kaye. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa alamu, kwa achemwali a Esnath ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo pa 8 Novembala mundikumbukire m'pemphero nthawi ya 10 koloko m'mawa, kwanuko ikhala 12.

Ndine mng'ono wanu,
Levison