Pepala lati ndili bwino

Lolemba, 3 Malichi

Ndakwiya moti chakudya sichikulowa. Pepala la kuchipatala latuluka, lati mapapo anga ali bwinobwino. Bwinobwino! Nanga amene amaimba likhweru m'chifuwa mwangamu ndani?

A kapitawo athu, a Wotchi, analonjeza kuti pepala likatsimikiza za mphumu andichotsa m'chipinda chodulira nsalu. Aliwerenga ali chiimire. "Mayi, makina sanama. Bwererani kuntchito." Fumbi la m'menemo limachita kuoneka ndi maso. Ukamina, pamatuluka mtundu wa nsalu imene mwadula tsikulo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndatuluka kawiri kukafuna mpweya. A Wotchi akuti kachitatu ndilandira kalata yondichotsa ntchito. Mayi osoka mabatani, aja amakhala pawindo, ndi okhawo ananditsatira ndi madzi. Ena onse maso pansi, ngati mphumu imapatsirana.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndabwerera kuchipatala kukakangana nawo. Nesi wandifunsa ngati ndinapopera inhela, mankhwala anga a mphumu, ndisanauzire m'makina oyezera mapapo aja. Ndati eya, kanayi konse, pageti pomwe. Anagwira pakamwa. "Mayi inu, matenda munawabisa nokha."

Ndani anandiuza? Akuti zoti ndisapopere zinalembedwa kuseri kwa khadi langa la kuchipatala. Tizilembo ngati nyerere!

Ndipo nzeru imeneyi inali ya bambo a kunyumba. "Popera kaye, ungakakomoke pamaso pa anthu." Ine n'kumvera, chitsiru. Ndawauza madzulo ano, akuti amafuna kundithandiza. Ndati zikomo kwambiri a dokotala, mwandithandiza mpaka ntchito ikutha. Atuluka kukakonza njinga yosawonongeka.

Lolemba, 10 Malichi

A kuchipatala andiuza ndisapopere mpaka akandiyezenso mawa, pokhapokha zitavuta kwambiri. Ndadula nsalu tsiku lonse mano ali gwa. Sindinatuluke.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndafika kuchipatala ndikupumira m'mwamba, masitepe ndakwera mopumulira. Lero makina awiri. Achiwiriwo suuzira mwamphamvu, umangopuma, nesi atakugwira masaya.

Dokotala wandijambulira mtengo wozondoka. Akuti nthambi zikuluzikulu zilibe vuto kwenikweni, koma tinjira ting'onoting'ono ta kumapeto n'totupa, mpweya ukalowa umavuta kutuluka. Ndati a dokotala, zaka zitatu ndakhala ndikunena zomwezi, kungoti ndilibe jasi loyera. Aseka. Ine sindinaseke. Andisinthira mankhwala, alemba kalata yoti ndichoke pafumbi.

Lachinayi, 13 Malichi

A Wotchi awerenga kalata kawiri, nkhope ili ndwii. "Chabwino, mwapambana. Koma kodulira sikukhala kopanda munthu."

Ndiye anaitana mayi a mabatani. Akuti tisinthane.

Ndinati ayi, si zimene ndinapempha, mayiwa ndi aakulu, ikani makina okoka fumbi aja mumalonjeza chaka ndi chaka. Anangoyang'ana nthawi pamkono. "Mukufuna windo kapena geti?"

Ine wapakamwa ine, ndinangoyang'ana kuwindo.

Mayi aja anatola singano zawo ndi magalasi, n'kundipukutira mpando ndi dzanja. "Umagwedera uwu, mwanawe. Uziikako kapepala kumwendoku." Analowa kodulira, chitseko n'kutsekeka.

Pawindo mpweya ukulowa bwino, tsiku lonse sindinapopere. Nthawi itakwana cha m'ma 3 ndinawamva mayi aja kuseri kwa khoma, ayamba kutsokomola.