Khoma Lopendekeka la ku Yoga

12 Julayi

Okondedwa mwana wanga,

Kalata yanu ndinalandira. Ine ndili bwino. Zimene anakuuzani azakhali anu, zoti ndinagwa m'bafa, n'zokokomeza. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Mwalemba kuti mwezi wamawa ndikalephera kuima ndi mwendo umodzi pamaso pa adokotala mpaka awerenge makumi awiri, mudzanditenga ndikakhale kwanuko, ndipo m'nyumba muno mudzaikamo anthu a lendi. Ndamva. Nyumbayi ndinamanga ndi manja anga, ndipo mayi anu anatsirizikira m'chipinda chakum'mawachi. Sindiwonjezera mawu.

Ku masewera olimbitsa thupi a yoga kumene munandilembetsa ndikupita Lachiwiri ndi Lachisanu, mu holo ija ya pafupi ndi msika. Tilipo asanu ndi anayi, mwamuna ndine ndekha. Aphunzitsi ndi mtsikana wa msinkhu wanu. Timavula nsapato n'kuima pa timphasa ta labala. Pali kaimidwe kena amati ka mtengo: phazi limodzi pansi, linalo kulitsamiritsa pa mwendo unzake, manja m'mwamba. Munthu waimvi kumuuza kuti akhale mtengo. Ndinamvera poti munandituma ndinu.

Masabata atatu mtengo wanga unkagwa asanawerenge zisanu, ndipo nthawi zonse unkagwera kumanzere, kumene amaima amayi ena ogulitsa nsalu. Tsiku lina amayiwo anati, "Bambo, ngati muli nane mawu, nenani ndi pakamwa." Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Aphunzitsi ankati, "Agogo, tambasulani zala za kuphazi, bondo lisaume, muzipuma. Maso akhale pa chinthu chimodzi chosagwedezeka." Ine ndinkayang'ana ngodya ya khoma. Zaka makumi anayi ndili pa ntchito yomanga, thupi langa linazolowera kuti likaona ngodya liziwongoka nayo. Choncho ndinayamba kuikayikira ngodyayo.

Lachisanu lina ndinatenga chingwe changa chija cha chitsulo kunsonga, choyesera makoma, n'kuchikoleka pamsomali. Khoma linapezeka lopendekera kumanzere ndi zala ziwiri zathunthu. Ndinaitana onse kuti aone. Ndinanena kuti miyendo yanga ilibe mlandu, ndi kuti amene anamanga khomalo anayenera kulandidwa zida tsiku lomwelo.

Wosamalira holo, mkulu mnzanga, anaimika tsache lake. "Amisiri, mwaiwala? Pa khoma limeneli ine ndi amene ndinkakuponyerani njerwa."

Kenako amayi a nsalu aja anafunsa kuti, "Ndiye zidazo tikatenge lero kapena mubweretsa nokha?"

Ndawerenga zaka, ndipo n'zoona. Khomalo ndinamanga sabata imene munabadwa inu. Mayi anu anali kuchipatala, zinthu sizinali bwino, ndipo ndinkayala njerwa maso ali kumsewu. Chingwe sichinatuluke m'thumba. Zimenezi sindinauzepo munthu.

Tsopano chingwecho chimakhala pamsomali pomwepo, ndipo tonse timayang'ana icho. Aphunzitsi apempha kuti ndisachichotse. Dzulo ndinafika khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amayi a nsalu osakhudzidwa. M'mawa uliwonse ndimayeserera podikira madzi kuti awire, dzanja lili pafupi ndi tebulo. Zitatu zotsalazo ndizipeza.

M'bafa muja ndinagwadi. Panapita nthawi ndithu ndisanathe kudzuka. Ndaikamo chitsulo chogwirira, ndipo chimenecho ndachiyesa kawiri ndi levulo, chida choonera kuwongoka.

Mundiperekere moni kwa amuna anu. Adzukulu muwauze kuti agogo awo asanduka mtengo, ndipo ukuyamba kugwira mizu. Chipinda chimene mwandikonzera muikemo makina anu osokera. Mwezi wamawa musabwere ndi galimoto yonyamula katundu. Mubwere nokha, ndikakuonetseni khoma lanu.

Ndine,
Bambo anu