Mtsikana wa m'zithunzi zanu uja ayankhule

Okondedwa achimwene,

Kuno ku Biriwiri kwacha ndi nkhungu, zala zachita kuuma ndi chisanu. Kaya inu muli bwanji ku Joniko? Ife tili bwino, amayi chifuwa chija chinasiya.

Ndikulemba za nkhani ya zithunzi imene mumajambula n'kumaika pa Fesibuku. Aliyense kuno akudziwa kuti Nabanda, mtsikana wa m'zithunzi zanuzo, ndine, poti ngakhale chipsera changa cha pachibwano munachijambula. Anthu ena onse mumawapatsa mawu, koma iye mumangomuikira timadontho titatu pamwamba pa mutu. Chinanso, munamusiya ataima pakhomo, bambo wogula kachewere uja akumufunsira, ndipo chikololereni chimanga mukungolemba kuti "pepani, ndatanganidwa."

Loweruka kumsika mayi wina wogulitsa kabichi anandikuwira kuti, "A Timadontho, mulola liti? Ife bandulo ikutithera kudikira ukwati." Bambo wogula kachewere weniweniyo anali pomwepo ndi matumba ake, nayenso n'kumati, "Mkazi akakhala chete ndiye kuti walola."

Achimwene, ndinayankha onse akumva. Ndinati, "Bambo, kachewere gulani, koma ine sindikufunani."

Tsono mawu a Nabanda ndi amenewo. Muwalembe mmene ndinawanenera, musawakometse. Ngati simungathe, mufufuteni, ndipo musadzandijambulenso.

Amayi akuti musaiwale bulangete lija. Mulungu akusungeni.

Ndamaliza kulemba Lolemba, 9 koloko m'mawa.

Ndine mlongo wanu,
Esinati