Mlandu umene ndinawasenzetsa Mayi Vaileti

Nsungwi, Area 25,
Lilongwe.
16 Juni 2007

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga bondo lija likutani ndi kuzizira kwa mwezi uno? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. N'chifukwa chake ndalemba m'malo moimba foni ya kusitolo kwa a Leston. Nkhaniyi si yoti muimvere pagulu.

Mukudziwa kuti kuntchito kwathu ku Kanengo, kukampani ya malole onyamula fodya, tili ndi pulogalamu ya pakompyuta yosindikiza ziphaso za pageti. Lole yopanda chiphaso situluka. Pulogalamuyi anailemba kalekale a Greyson, mkulu wanga pantchito. Menyu yake, ndiye kuti mndandanda wa mawu amene munthu amadinapo posankha chochita, inali yosokonekera kuposa msika wa ku Mchesi. Ndinawapempha katatu kuti tiikonze, iwo ankangoti tidikire nyengo ya fodya ithe. Ine ndinkaona ngati akungoopa zatsopano.

A Greyson atapita kumaliro ku Ntcheu, ndinailembanso menyu yonse, n'kuikamo tizithunzi tokongola. Pakompyuta yanga inkayenda bwinobwino. Lachisanu poweruka ndinaiika pakompyuta ya kugeti, osaiyesa, osauza munthu.

Lolemba m'mawa pulogalamu inakana kutseguka. Ukaidina, inkangophethira n'kuzima. Malole anandanda mpaka kumsewu, madalaivala akuliza mahutala, ife n'kumalemba ziphaso pamanja. Abwana atafunsa amene anagwira kompyutayo, wina anati anaona Mayi Vaileti, kalaliki wa pageti, akulowetsamo fulashi ya zithunzi za ukwati wa mwana wawo. Mlandu unathera pomwepo, ati alowetsa vayirasi. Anawauza kuti akadikire kunyumba. Ine ndinali pomwepo, Bambo, ndipo ndinadzinamiza kuti mwina ndi vayirasidi.

Ndinasanthula kompyuta yonse, vayirasi osaipeza. Kenako ndinayamba kuchotsa zimene ndinalemba zija gawo limodzilimodzi, ndikachotsa n'kuyesa. Lachiwiri masana, nditachotsa mzere wokoka tizithunzi, pulogalamu inatseguka. Ndinali nditaiuza kuti izikatenga tizithunzito mufoda ya dzina langa, imene ili pakompyuta yanga yokha. Kugetiko ikaisowa fodayo, inkangofa. Digiri yonse ija, n'kupunthwa pa chinthu chimene a Greyson akanachiona asanakhale n'komwe pampando!

Kukonza kwake sikunanditengere mphindi khumi. Abwana anandigwira dzanja pamaso pa anthu, amvekere achinyamata a kuyunivesite ndiwo adzasinthe kampaniyi. Ine ndinamwetulira. Lachitatu ndinakhala chete, Lachinayinso chete, pamene Mayi Vaileti ali ku Chinsapo kudikira kalata yowachotsa ntchito imene aigwira zaka khumi ndi ziwiri.

Dzulo a Greyson atabwerako anatsegula pulogalamu, kuyang'ana menyu, kenako kuyang'ana ine. Sanakalipe. Anangofunsa ngati ndipite ndekha kwa abwana kapena andiperekeze. Ndinapita ndekha, koma musandiyamikire, ndinapita chifukwa ndinagwidwa. Mayi Vaileti ayambiranso ntchito Lolemba. Za ine akuti andiuza Lachitatu.

Pempho langa ndi limodzi. Mlongo wanga Atupele asanyamuke kaye kubwera kudzakhala nane kuno kudzayamba kosi yake ija, mpaka ndidziwe ngati ntchito ndikadali nayo. Ndikudziwa kuti chikwama walongedza kale. Mumuuze chifukwa chenicheni, musandiikire kumbuyo.

Lero m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Chinsapo kukapepesa kwa Mayi Vaileti. Anandilandira bwino, kundipatsa mpando, ana awo n'kudzandipatsa moni mogwada. Ndinafotokoza zonse, za foda zomwe. Nditamaliza anangondifunsa kuti ndinadziwa liti kuti wolakwa si iwo. Ndinati Lachiwiri. Anawerenga masikuwo ndi zala, kenako anadzuka n'kundiperekeza mpaka kumsewu. Akanandilalatira bwenzi ndikupeza bwino.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa azakhali, kwa amalume ndi banja lawo, komanso kwa mlongo wanga Atupele ngati angaulandire.

Ndine mwana wanu wamanyazi,
Chisankho