Mwini Wake Aimirire

Munali mlakatuli weniweni, mayi a ana anga. Ndikunena izi ine amene ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi osazolowera kuyamikira munthu, ndipo sindikuzinena chifukwa cha chisoni. Chisoni chimakometsa akufa onse. Ine ndikupereka chigamulo. Lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni, ndipo m'zaka zimenezi ndawerenganso zonse zimene munasiya, mzere ndi mzere, monga ndinkachongera mayeso. Ndapezamo ndakatulo zitatu zofooka. Zina zonsezo zikhoza kuima pafupi ndi za akuluakulu amene tinkawawerenga kuyunivesite, osagwetsa nkhope. Mawu amenewa ndinayenera kuwanena muli moyo. Sindinatero.

M'nyumba muno mukadali mapazi anu. Simunkapeka mutakhala pansi. Munkazungulira kuchokera kukhitchini kukafika pakhonde, milomo ikugwedera, zala zikugogoda chilichonse chimene mwadutsa. Mzere ukabwera munkaulemba pa chimene chili pafupi: kuseri kwa envulopu, pachikuto cha kope la mwana, m'mphepete mwa kalendala. Malaya anga awiri anapsa ndi simbi chifukwa munaima n'kumabwereza mawu amodzi kakhumi kuti mumve ngati akukhala bwino pakamwa. Mwana wathu wachisamba, amene tsopano ali ndi ana ake atatu, amati akamva fungo la nsalu yopserera amatembenuka kuti akuoneni. Mzime wathu amasunga magalasi anu m'kabati ya zovala zake ndipo salola munthu kuwapukuta. Mchemwali wanu mpaka lero amazungulira njira yaitali kuti asadutse pa laibulale.

Kuseri kwa laibulaleyo, m'kachipinda ka mabenchi ogwedera ndi bolodi long'ambika pakona, munkaphunzitsa Lachitatu lililonse anthu amene sukulu zathu zinawataya: wometa tsitsi, anamwino awiri, woyendetsa basi, mayi wogulitsa mazira. Malangizo anu ena ndinkawamvera kunyumba mukuwayeserera. Munkati, "Musandiuze kuti munalira. Ndiuzeni chimene chinali m'manja mwanu pamene munkalira." Munkatinso mzere umene munthu sangaunene akukwera masitepe watalika, audule. Ine ndinkatsutsa kuchokera kuseri kwa nyuzipepala, inu n'kumayankha kuti, "Aphunzitsi, belu linalira kale, pumani."

Lamulo lanu la bokosi mukulidziwa, koma ndililemba chifukwa cha owerenga tsamba lino la nyuzipepala, popeza mlandu wa lero wagona pamenepo. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, masana, munkachititsa msonkhano wa ndakatulo m'chipinda chomwecho. Pakhomo pankakhala bokosi lamatabwa lokhoma ndi loko, loboola pamwamba. Aliyense ankaponyamo ndakatulo yake yopanda dzina. Inu munkatsekula, n'kutulutsa pepala, n'kupatsa munthu wina aliyense kuti awerenge mokweza. Kenaka anthu ankaitafuna ndakatuloyo mosaopa nkhope ya munthu, ena kuiyamikira, ena kuing'amba. Akatha, munkagogoda tebulo kawiri n'kunena kuti, "Mwini wake aimirire." Munkati dzina limaombetsa anthu m'manja asanamve kanthu: bwana akalemba zozizira amamuimbira mluzu, mlonda akalemba zamoto amamuyasamulira. Ndakatulo imene mwini wake sanaimirire inkabwerera pansi pa bokosi, ndipo zoterezi munkazitcha zamasiye.

Chimene ophunzira anu sankachidziwa n'chakuti mwezi uliwonse imodzi mwa zamasiyezo inali yanu. Kalembedwe kanu kopendekera ngati udzu wogona ndi mphepo ankakadziwa onse, chifukwa kanali m'mphepete mwa mapepala awo amene munkawakonzera. Choncho Lachisanu munkabwera patebulo panga ndi kapepala kanu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndibwerekeni dzanja lanu la pabolodi." Ndinkakopera ndikung'ung'udza. Pepala loyera munkapita nalo. Kapepala kanu ndinkakalemba tsiku pakona n'kukaika m'faelo, osati chifukwa chokalemekeza, koma chifukwa mphunzitsi sataya pepala. Simunaimirirepo ngakhale kamodzi. Munkafuna kumva choonadi, ndiponso munkafuna ophunzira anu akhale ndi wina wopikisana naye amene sangamuope. Anamupatsa dzina munthu wosaonekayo, ankati Wamanyazi, ndipo ankaganizira mayi wosunga mabuku. Tsiku lina wometa tsitsi uja ananena kuti ndime yachitatu ya Wamanyazi ikutsimphina ngati tebulo la miyendo itatu. Munafika kunyumba mukuseka mpaka misozi, munati akunena zoona, ndipo munaikonza musanavule nsapato.

Zaka khumi ndi chimodzi munachititsa misonkhano imeneyo, ine osalowamo. Ndinkakuperekezani mpaka pachipata n'kubwerera. Ndinkati munthu amene anavala mkanjo wa digiri sangakhale pabenchi kumvera wometa tsitsi akuweruza ndakatulo. Uko kunali kupusa, ndipo ndakulemba pano kuti anthu asayese kuti ndikudziyeretsa.

Tsopano ndinene za munthu amene munamukhulupirira. Anali kalaliki wa mu ofesi ina, bambo wamkulu ndithu, wosasiyana ndi tayi. Munamupatsa makiyi a chipinda ndi a bokosi, mpaka anzake anamutcha Makiyi. Dzina lake lenileni sindililemba. Silingakhale pansi pa chithunzi chanu chimene chili pamwamba pa tsamba lino. Anadya patebulo pathu kosawerengeka. Ndakatulo zake zodzaza ndi mwezi, nyenyezi ndi mitima yosweka munkazipalira moleza mtima ngati munda wa mwini. Pamaliro anu analira kuposa ana anu. Misonkhano itazilala, bokosi anapita nalo kwawo, akuti kukalisunga.

Masabata atatu apitawo anagogoda pakhomo pano, atanyamula buku lokulunga m'pepala lonyezimira. Anati, "Aphunzitsi, ndabala mwana. Ndamupereka kwa mayi, taonani tsamba loyamba. Tsiku lokhazikitsa bukuli mpando wanu ndakusungirani kutsogolo." Patsamba loyambalo analemba kuti akulipereka kwa mayi amene anamuphunzitsa kuyenda. Ndinamuthokoza monga ayenera mwini khomo, ndinamuperekeza, kenaka ndinakhala pakhonde n'kutsekula.

Muli ndakatulo makumi anayi. Makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndi zanu. Ndinazizindikira ndisanatsekule faelo, chifukwa dzanja limene linakopera mawu siliwaiwala. Anasintha mitu, ndipo apa ndi apo anasomekapo liwu lake kuti zioneke zake. Paliponse pamene anakhudza pali chipsera. M'mawu oyamba a bukulo akuuza dziko kuti Wamanyazi anali iyeyo, kuti manyazi ndi amene anamukhomerera pabenchi zaka zonse zija, ndipo kuti tsopano walimba mtima. Anaona ana amasiye pansi pa bokosi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuganiza kuti alibe mbale.

Zonsezi mwina ndikanazimeza pang'onopang'ono, koma pali imodzi imene yandiima pakhosi. Mukuikumbukira ija munailemba kuseri kwa pepala la mankhwala, muli pamzere kuchipatala, matenda atayamba kale koma tikubisira ana? Ija yonena za mayi amene akuwerenga mabatani a juzi lake podikira kuti dokotala akweze maso? Itawerengedwa pamsonkhano, Makiyi ndiye anayamba kuyankhula. Anati ndi yokongola koma yabodza, mwini wake akuoneka kuti sanadwalepo. Munandiuza zimenezi mukuseka mpaka chifuwa chinakubanikani, ine ndikukugwirirani kapu ya madzi. Ndakatulo imeneyo ndiyo waiika koyambirira kwa buku. Sabata yatha ndinamumva pawailesi akuilakatula ndi mawu onjenjemera, akuti anailemba atakhala pambali pa bedi la mayi ake.

Musandiuze zokhululuka. Ndikudziwa chimene mukananena: "Musiyeni, Aphunzitsi, ndakatulo ndi ya amene waisunga pamtima." Inu munali opatsa, ine sindinakhalepo wotero, ndipo sindiyamba ndili ndi imvi. Muli moyo, kukhala pansi kunali kusankha kwanu, ndipo tsiku lililonse mukanatha kudzuka. Tsopano wina akukukanikizani paphewa kuti musadzadzukenso, iye ataima pamalo panu n'kumawerama polandira m'manja. Zidzukulu zanu zidzakumana ndi mawu anu kusukulu pansi pa dzina la mlendo. Zimenezo sizichitika ine ndikupuma.

Loweruka likudzali, nthawi ya 2 koloko masana, akukhazikitsa bukulo m'chipinda chanu chomwe chija. Ndidzafika msanga, faelo kukhwapa, ndipo ndidzakhala pampando umene wandisungirawo. Sindidzakuwa, m'kalasi sindinakwezepo mawu ndipo palibe anasowa kundimva. Akadzamaliza kuwerenga ndakatulo yanu iliyonse, anthu asanaombe m'manja, ndidzagogoda kawiri n'kunena mawu anu aja. Kenaka ndidzaimirira, ndidzatembenukira kwa anthu, n'kukweza kapepala kanu, kaya ndi envulopu, kaya ndi pepala la mankhwala, kuti aone kalembedwe kamene akukadziwa ndi tsiku limene lili pakona. Iye adzakhala ali chiimire kale kutsogoloko. Tidzaona ngati sadzafunafuna pokhala. Akadzatsutsa, bolodi lilipo: ndidzatenga choko n'kulemba mzere woyamba, kuti onse amene anawerengapo mapepala a Wamanyazi aone dzanja limene linkawalemba. Ndikatha ndidzamupatsa chokocho kuti nayenso ayese.

Ena adzadabwa kuti ndaululiranji zimenezi m'nyuzipepala. Sindinaperekepo mayeso modzidzimutsa. Ngakhale waulesi ndinkamuuza tsiku. Ndikudziwa kuti Makiyi amawerenga tsamba lino, chifukwa chaka chilichonse amandiimbira foni kuyamikira chithunzi chanu. Wapatsidwa masiku asanu ndi limodzi. Ndikufuna chakudya chizimuima pakhosi masiku onsewo. Ndikufuna akavala tayi Lowerukalo zala zimukanike. Akathawa osabwera, ine ndidzakhalapo ndithu, ndipo mapepala anu adzayenda m'manja mwa anthu benchi ndi benchi. Sindikufuna kupepesa kwake kwa kuseri kwa chitseko. Anaba pamaso pa anthu, abweze pamaso pa anthu.

Ana anawerenga mawu ano ndisanawatumize. Wachisamba anati, "Bambo, ndili ndi mnzanga loya. Kalata imodzi yokha, bukulo lichoka m'masitolo, inu osasuntha pampando." Ndinamuuza kuti kalata amaiwerenga munthu mmodzi atatseka chitseko. Mzime sanakambe za malamulo. Chaka chatha anandichita opaleshoni ya chiuno, ndipo iye ndi amene amaona mmene thukuta limandituluka podzuka pampando wamba. Anati, "Bambo, mabenchi ajatu ndi otsika. Akawerenga khumi mudzadzuka kakhumi? Mudzakhale, ine ndizidzaima m'malo mwanu. Mukakana, ndiloleni ndizidzakugwirani mkono." Dzulo masana kunabweranso wometa tsitsi uja, ana atamutsina khutu, ali ndi anzake asanu a m'kalasi mwanu. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ifenso anatipusitsa. Inu muzidzangogogoda. Kuimirira mutisiyire, miyendo tili nayo yambiri." Ndinamuyang'ana bwino munthu amene ndinamunyoza zaka khumi ndi chimodzi ndisanamuone, ndipo ndinamupatsa mpando wanga.

Koma ndawakanira onse. Ndawauza kuti abwere, adzaze mabenchi, akhale chete ndipo aone. Wina asadzatambasule dzanja ndikamadzuka, ngakhale nditachedwa, ngakhale ndodo itaterereka. Dzanja limene linakubisani ndi langa, ndipo ndi ine amene ndinkabwerera pachipata. Akawerenga khumi, ndidzadzuka kakhumi, ndekha.

Gonani, mayi. Ine mwamuna wanu, ana, zidzukulu ndi mchemwali wanu sitikuiwalani, ndipo sitilola kuti akufufuteni.