Inki Yosanunkha pa Mapaketi a Mpunga

Lachitatu, mwezi wa Okutobala, pa Golomoti. Kunatentha kwambiri, ndipo ndaweruka mutu utaima.

Lero tayesa inki yosungunula ndi madzi pa mapaketi a mpunga wa gulu lathu. Yakale ija timasungunula ndi thina, mankhwala onunkha kwambiri. Imawapweteketsa mutu aNasibeko, amene amadinda dzina la gulu, ndipo madzi otsukira amathera m'ngalande yopita kumadimba. Ndinawerenga kuti pulasitiki ikadutsitsidwa msangamsanga pa lawi la gasi, inki yamadzi imakakamira. Tachita zomwezo.

Mapaketi am'mawa agwira bwino, ngakhale kukanda ndi chikhadabo dzina silikuchoka. Koma amasana, ndangokhudza dzina lonse latsalira pachala. Pulasitiki ndi yomweyo, lawi lomwelo, wodinda yemweyo. Kaya ndi fumbi, kaya thukuta la m'manja, kaya kutentha kwa malata, sindikudziwa. Zimene ndinawerenga zija sizikunenapo kanthu za masana a kuno.

"Aphunzitsi, inki yosanunkha n'kugwira?" andifunsa aNasibeko akuseka. Ndawayankha kuti chomata si fungo, koma umboni wanga unali theka chabe.

Wogula akubwera Loweruka, ndipo paketi yopanda dzina satenga. Poweruka aNasibeko atulutsa chitini cha inki yakale n'kuchiika patebulo. "Mutuwu ndi wanga, ukawawa ndikagona," atero.

Mawa ndiwauza kuti tizidinda m'mawa mokha. Koma potero sitingamalize Loweruka lisanafike, ndipo chitinicho sindinachichotse patebulo paja.