Kabuku ka usilikali ka agogo kali ndi dzina la wina

Aphungu,

Wozokota chiliza cha agogo anga wandiuza dzulo kuti mawu akuwafuna pofika Lachisanu. Abale tinagwirizana kulemba kuti, "Bryson Namakhwa, msilikali wa gulu la Keyala, anamenya nkhondo ku Burma." Koma mtima wanga ukukana.

Agogo a Bryson ndiwo ngwazi yanga. Ndine mphunzitsi, ndipo Novembala aliyense ndimaonetsa ana a sukulu mamendulo awo atatu. Mwana wanga woyamba ndinamutcha dzina lawo. Sabata yatha, pofufuza chaka chawo chobadwa m'sutikesi yawo yakale, ndinapeza kabuku kotulukira usilikali. Dzina lolembedwamo ndi Pilato Namakhwa, achimwene awo a agogo, amene kwathu satchulidwa n'komwe.

Nditafunsa azakhali anga a Janeti, anandilanda kabukuko n'kunena kuti, "Iwe tinakutuma chaka chobadwa, osati kufukula anthu." Mwamwayi ndinali nditakajambula pafoni. Ndiye ndakumbukira zimene mkulu wina ananena akuseka pamaliro a agogo: "A Bryson nkhondo yawo anaimenya ndi dengu la tiyi kumsana." Ndinkayesa ndi kachasu. Kodi agogo anatenga mamendulo a m'bale wawo, ndi nkhani zomwe? Ndilembetse mawuwo?

H.N., Milonde, Mulanje

A H.N.,

Musalembetse. Kukayika kwanu n'komveka, koma umboni muli nawo ndi wochepa: kabuku kamodzi, nthabwala ya pamaliro ndi mkwiyo wa azakhali. Zimenezi sizikwana kuwatcha agogo anu onama. Mwina anakalowa usilikali pa dzina la mkulu wawo chifukwa anali aang'ono. Mwinanso a Pilato ndiwo anapita kunkhondo, ndipo mng'ono wawo anasunga katundu mpaka nkhani n'kusanduka yake. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa.

Yambani ndi chaka chobadwa chija. Kachifufuzeni m'kaundula wa ubatizo kumpingo kwawo. Nkhondoyo inatha mu 1945. Ngati panthawiyo agogo anali ndi zaka khumi, nkhani yatha. Kenako werengani bwino zithunzi zili pafonizo. Ngati m'kabukumo munalembedwa msinkhu kapena zipsera, yerekezani ndi agogo amene munkawadziwa. Nambala ya usilikali muitengere ku bungwe la asilikali akale, mukafunse ngati ali ndi mbiri yake.

Azakhali muwaone muli awiri, osati pamsonkhano wa banja. Musawafunse ngati bambo awo ananama. Afunseni kuti a Pilato anali ndani, anafera kuti. Mkwiyo wawo ukundikayikitsa kuposa kabukuko: akudziwa kanthu, ndipo n'kutheka kuti n'kowawa.

Chenjezo langa ndi ili: musaulutse nkhaniyi musanatsimikize, chifukwa azakhali mukawachititsa manyazi sadzayankhulanso. Ndipo konzekani, mwina ngwazi ya banja lanu ndi munthu amene alibe chiliza.

Lachisanu mupatseni wozokotayo dzina ndi zaka zokha. Mumuuze asiye malo a mzere umodzi m'munsi.